Nkhwangwa Yosanoledwa: Mlandu wa Masukulu Ang'ono a Eni Ace

Masiku ano m'makomboni a mu Lusaka, monga ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero ndi ku Mtendere, ndiponso m'mizinda ya kum'mawa monga Chipata, Katete ndi Petauke, masukulu ang'onoang'ono a eni ace amera ngati bowa wa m'dzinja. Nyumba imene dzulo inali yogonamo anthu lero yapakidwa utoto wowala, pakhoma ajambulapo zilembo ndi nyama, ndipo pa cipata apacika cikwangwani ca dzina lalitali la Cingerezi. Makolo ambiri, amene apeza ndarama mobvutika pogulitsa makala, ndiwo kapena salaula, atumiza ana ao kumeneko ndi mtima wonse, poganiza kuti cinthu colipira ciposa caulere. Nkhani ino siitsutsa masukulu otere iai, pakuti ambiri a iwo alandira ana amene akadasowa malo. Cimene itsutsa ndi mkhalidwe umodzi woipa umene wazika mizu mwa eni masukulu ambiri, ndiwo wakuti alemba mphunzitsi nchito, nampatsa coko ndi kalasi, namleka comweco zaka ndi zaka osampatsa mpata wakuphunziranso kanthu.

Munthu ali yense wa kumudzi adziwa kuti nkhwangwa, ingakhale ya citsulo cabwino cotani, ikagwira nchito masiku ambiri osaonana ndi mwala wonolera imabuntha. Mwini wace akaumirira kutema nayo alema msanga, mtengo sukugwa, ndipo nthawi zina nkhwangwayo iterereka nimtema mwendo iye mwini. Mphunzitsi ali cimodzimodzi. Nzeru zimene anatenga ku koleji ndizo kunola kwa tsiku loyamba cabe, pakuti mabuku asintha, malamulo a maphunziro asintha, ndipo ana a caka cino sali ana a caka catha. Tsono mwini sukulu amene agula utoto caka ndi caka, nasintha mayunifolomu, nagulanso galimoto yonyamula ana, koma osaturutsa ngwee imodzi kapena ora limodzi kuti aphunzitsi ace aonjeze nzeru, afanana ndi munthu wosema mpini wokongola pamene citsulo ciri cobuntha. Ameneyo abera mphunzitsi, aberanso ana ndi makolo amene anamkhulupirira.

Nzeru imeneyi siyacilendo

Eni masukulu ena ayankhula ngati kuti kuphunzira kwa mphunzitsi ali pa nchito ndi cinthu catsopano cocokera kunja, coyenera masukulu a anthu olemera okha. Mbiri ya dziko lino iwatsutsa. M'caka ca 1924 nthumwi za Phelps-Stokes zinayendera maiko a kuno kudzaona maphunziro a Aafirika, ndipo zinapeza kuti masukulu ambiri a m'midzi anali m'manja mwa aphunzitsi odziwa zocepa, amene analibe wowathandiza. Caka cotsatira Boma la Northern Rhodesia linayamba kuyang'anira maphunziro a Aafirika, ndipo mkuru woyamba wa nchitoyo anali G. C. Latham. Patapita zaka zowerengeka anatsegula sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana m'caka ca 1939. Ku Nyasaland sukulu yotere inali ku Domasi. Dzina lakuti Jeanes linacokera kwa mai wina wa ku Philadelphia, Anna T. Jeanes, amene m'caka ca 1907 anapereka cuma cace kuthandiza masukulu a ana akuda a kumidzi ya kum'mwera kwa America.

Nchito ya mphunzitsi wa Jeanes inali yoyendera aphunzitsi anzace m'masukulu ao a m'midzi. Iye anakhala pansi m'kalasi, napenya m'mene mnzace aphunzitsira, ndipo pambuyo pace anamsonyeza njira yabwino, kawirikawiri poimirira iye mwini ndi kuphunzitsa ana omwewo. Nzoona kuti maphunziro a masiku a atsamunda anali ndi zoipa zace zambiri, ndipo anamana Aafirika maphunziro apamwamba, kotero kuti pofika m'caka ca 1964 dziko lonse linali ndi Aafirika otsiriza yunivesiti pafupifupi 100 okha. Komabe pa cinthu cimodzi ici anthu aja anaona bwino, cakuti mphunzitsi wosiyidwa yekha abwerera m'mbuyo. Dziko litalandira ufulu Chalimbana inasanduka koleji yoonjezera nzeru aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo lero ndi yunivesiti. Ngati sukulu ya udzu, yopanda mabenchi ndi mabuku, inayenera kuyenderedwa comweco m'masiku amenewo, nanga sukulu yolandira fizi temu ndi temu idzadzikhululukira bwanji?

Cimene lamulo linena

Ciyambire caka ca 1996, pamene Boma linaturutsa ndondomeko yace yochedwa Educating Our Future, khomo linatseguka kwambiri kuti anthu wamba amange masukulu ao. Lamulo la maphunziro la 2011 lizindikira masukulu a eni ace pamodzi ndi a Boma, a mishoni othandizidwa ndi Boma, ndi a anthu a m'mudzi. Koma ufulu uli wonse udza ndi katundu wace. Walira mvula walira matope. M'caka ca 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la nchito ya uphunzitsi, limene linabala bungwe la Teaching Council of Zambia. Lamuloli lifuna kuti mphunzitsi ali yense alembetse dzina lace ku bungwelo ndi kukhala ndi ciphaso ca nchito, ndipo lipatsa bungwelo udindo wakuona kuti aphunzitsi apitirizabe kuphunzira. Silinena kuti mphunzitsi wa Boma yekha iai. Mwana wa pa sukulu ya zipinda zinai ku Kanyama ali ndi ufulu wofanana ndi mwana wa pa sukulu iri yonse ya Boma.

Ndiponso maphunziro eni ace saima pamodzi. M'caka ca 2014 Boma linalamula kuti ana a Giredi 1 kufikira Giredi 4 aphunzire m'zinenero za kuno, ndipo linapereka njira yace yophunzitsira kuwerenga. M'caka ca 2025 linayambanso ndondomeko yatsopano, kuyambira ku ana a mkaka, Giredi 1 ndi Fomu 1, imene yafupikitsa sukulu ya pulaimale kucokera pa zaka 7 kufika pa zaka 6, ndipo ifuna kuti mwana aweruzidwe ndi zimene angathe kucita koposa zimene angathe kuloweza. Pa kusintha kuli konse kotere aphunzitsi a Boma aitanidwa ku misonkhano kukamva za njira yatsopano. Nanga mphunzitsi wa pa sukulu yaing'ono amuuza ndani? Kawirikawiri angolandira buku latsopano m'manja, naliphunzitsa mwa njira yakale, kapena apitirira ndi zolemba zace za zaka khumi zapitazo, zimene mapepala ace afiira ngati fodya.

Cimene mwana ataya

Kuti bvuto limeneli lioneke bwino, wowerenga aganize za mwana wa Giredi 2 amene apatsidwa samu yakuti 52 kucotsapo 18, ndipo iye alemba 46. Mphunzitsi wosanoledwa angoika mtanda wofiira, nauza mwanayo kuti ndi waulesi, mwinanso amkwapula, ngakhale lamulo la 2011 liletsa kumenya ana pa sukulu. Mphunzitsi wonoledwa aima, nafunsa kumene 46 yacokera, ndipo aona kuti mwanayo sanalote yankho lace: wacotsa 2 mu 8 napeza 6, wacotsanso 1 mu 5 napeza 4. Colakwa cace ndi cakuti sanamvetse kuti 5 uja aimira makumi asanu, ndi kuti khumi limodzi lingamasulidwe. Pamenepo mphunzitsi atenga timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, nauza mwanayo amasule mtolo umodzi ndi manja ace, ndipo posacedwa mwanayo apeza 34 yekha. Timitengo tiribe mtengo wace, titoledwa kuseri kwa sukulu. Cimene cisoweka ndi nzeru yakuona m'mutu mwa mwana, ndipo nzeru imeneyo mphunzitsi aitenga kwa aphunzitsi anzace.

Za kuwerenga ziri cimodzimodzi. Cinyanja ciri ndi zilembo za liu zisanu zokha, ndipo cilembedwa monga cinenedwa, kotero kuti mwana wodziwa ma, me, mi, mo, mu ndi anzace angathe kuwerenga mau amene sanawaonepo. Cingerezi siciri cotero, pakuti cilembo cimodzi cimveka mosiyanasiyana m'mau osiyana. Mphunzitsi amene sanaphunzitsidwe kusiyana kwa dzina la cilembo ndi liu lace aimbitsa ana A, B, C caka cathunthu, ndipo ana aimba mokoma, koma akawapatsa buku angoyang'ana zithunzi. Makolo akamva mwana wao alikunena ndakatulo ya Cingerezi pa tsiku lotsekera sukulu aomba m'manja ndi kululuta, osadziwa kuti mwanayo sakumva ngakhale liu limodzi la zimene wanena. Akuru akale anati m'mera mpoyamba. Mwana amene afika Giredi 4 osadziwa kuwerenga adzabvutika m'phunziro liri lonse, pakuti kuyambira pamenepo nzeru zonse azitola m'mabuku.

Bvuto limeneli siliri laling'ono m'dziko lino. M'caka ca 2017 ana a sukulu a zaka 15 analemba mayeso a maiko ambiri ochedwa PISA for Development, ndipo zotsatira zace zitaturuka m'caka ca 2018 zinasonyeza kuti ana 5 okha mwa ana 100 a mu Zambia anafika pa muyeso woyamba wofunika pa kuwerenga, ndipo pa masamu anali ana 2 okha mwa 100. Mwini sukulu adzati amenewo ndi ana a masukulu ena. Cabwino, ayese ace. Atenge ana khumi a Giredi 3 osasankha, awapatse kankhani kamene sanakaonepo, ndipo atawerenga awafunse m'cinenero ca kwao cimene kankhaniko kanena. Akacita ici moona mtima, adzadziwa ngati nkhwangwa zace ziri zakuthwa.

Zowiringula za eni masukulu

Cowiringula coyamba ndi cakuti ndarama palibe. Nzoona kuti sukulu yaing'ono ya m'komboni siiri yolemera. Makolo acedwa kulipira, lendi ikwera, ndipo kucokera m'caka ca 2022, pamene Boma linacotsa fizi m'masukulu ace kufikira Giredi 12, ana ena anasamukira ku masukulu aulere. Koma njira yopambana yonolera aphunzitsi siifuna ndarama zambiri. M'caka ca 2005 aphunzitsi a m'Cigawo ca Pakati, pothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, anayamba njira yochedwa Lesson Study, imene pambuyo pace inafalikira ku zigawo zina. Aphunzitsi akhala pamodzi nasankha phunziro limodzi lobvuta ana, alikonza pamodzi, mmodzi aliphunzitsa, anzace ali kumbuyo kwa kalasi kupenya cimene ana acita, atatha akambirana, nalikonzanso, ndipo liphunzitsidwa kaciwiri. Pa zonsezi pafunika ciani? Cipinda ciripo, coko ciripo, ana alipo. Ndipo kunena zoona, kucotsedwa kwa fizi kuyenera kudzutsa mwini sukulu koposa kumgoneka, pakuti ngati sukulu yace siiposa yaulere pa kaphunzitsidwe, kholo lidzalipiriranji?

Cowiringula caciwiri ndi cakuti mphunzitsi akaphunzira adzathawa. Eni masukulu akumbukira caka ca 2022, pamene Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi, ndipo ena a iwo anacokera m'masukulu a eni ace. Mantha amenewa amveka, koma maganizo ace ngopotoka. Mphunzitsi sathawa cifukwa cakuti waphunzira. Athawa cifukwa malipiro ace ngocepa, alandira mocedwa, alibe pangano lolembedwa, mwezi wa chuthi salandira kanthu, ndipo ndarama zace za ukalamba sizifika ku NAPSA. Wotere adzacoka tsiku limene mpata uoneka, kaya ananoledwa kaya sananoledwe. Ndipo mwini sukulu adzifunse funso lina: ngati aopa wophunzira amene angacoke, saopa kodi wosaphunzira amene adzakhala? Mphunzitsi wa ana 40 pa caka, akakhala zaka 10, ana 400 apyola m'manja mwace. Kusunga munthu mu umbuli kuti asathawe kuli ngati kuthyola mwendo wa ng'ombe yolima kuti ingasocere.

Cowiringula cacitatu ndi cakuti nthawi palibe. Koma nthawi yophunzitsa ana kubvina ndi kuguba masabata atatu, kuti akakondweretse alendo pa tsiku lobvala mikanjo, ipezeka caka ciri conse. Nthawi ya makalasi a madzulo olipiritsa padera ipezekanso. Caka ca sukulu ciri ndi matemu atatu, ndipo pakati pace pali chuthi ca April, ca August ndi ca December. Mwini sukulu amene sangapeze maora awiri pa sabata ziwiri, ndi masiku awiri temu isanayambe, wasonyeza poyera kuti cinthuci alibe naco kanthu.

Cowiringula cacinai ndi cakuti ana ace akhoza mayeso, ndipo maina ao apacikidwa pa cipata. Apa pafunika kucenjera. Mayeso angakhozedwe mwa kulowezetsa ana mafunso a zaka zam'mbuyo usana ndi usiku, ndipo pali masukulu ena amene aletsa ana ofooka kulemba, kapena auza makolo ao awasamutse, kuti dzina la sukulu lisadetsedwe. Imeneyo si nchito ya uphunzitsi, ndi malonda cabe. Ubwino wa sukulu uoneka pa mwana wofooka, ngati wasuntha kucokera pamene anali. M'caka ca 2016 Boma linayesa m'Cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kum'mwera njira yochedwa Catch Up, yocokera ku bungwe la Pratham la ku India. M'njira imeneyi ana a Giredi 3 kufikira Giredi 5 ayesedwa mmodzimmodzi, naikidwa m'magulu monga mwa cimene adziwa, osati monga mwa kalasi lao, ndipo aphunzitsidwa kuyambira pomwe anatsalira. Mphunzitsi wa sukulu yaing'ono angathe kucita comweco, koma ayenera ayambe wasonyezedwa.

Mlandu suli wa eni masukulu okha

Cingakhale cosalungama kusenzetsa mwini sukulu mlandu wonse. Alipo aphunzitsi odzikuza amene ayesa kuti pepala la ku koleji ndilo mathero a nzeru, ndipo mnzao akapempha kulowa m'kalasi mwao akwiya ngati walowa m'nyumba yao yogona. Otere aiwala mwambi uja wakuti safunsa anadya phula. Alipo enanso amene akonda msonkhano cifukwa ca cakudya ca masana ndi ndarama ya m'thumba, ndipo akamva kuti kulibe alawansi sapita. Abwerera ndi pepala lokongola lopacika pakhoma, koma Lolemba m'mawa aphunzitsa monga anaphunzitsira Lacisanu. Pepala palokha si umboni wa nzeru. Dziko lino linaona m'caka ca 2017 pamene aphunzitsi mazana angapo anapezeka ndi mapepala onama. Kunoledwa kweni kweni kuoneka m'makope a ana.

Makolo nawonso ali ndi gawo lao. Pofuna malo a mwana afunsa za fizi, za yunifolomu ndi za galimoto, koma ngocepa amene afunsa ngati aphunzitsi analembetsa ku bungwe lao, ngati akhala pamodzi kukonza maphunziro, ndi kuti mphunzitsi wa Giredi 1 wakhala pa sukuluyo zaka zingati. Wogula mbuzi aitsegula pakamwa kuona mano. Bwanji wolipira maphunziro a mwana wace angoyang'ana utoto? Mwini sukulu ali wamalonda, ndipo apereka cimene ogula afuna. Makolo akayamba kufunsa za aphunzitsi, iyenso adzayamba kusamala za aphunzitsi.

Boma nalonso lisabisale. Liri ndi dongosolo lochedwa SPRINT, m'mene aphunzitsi a masukulu ace akumana m'magulu temu iri yonse, ndipo liri ndi nyumba zothandizira aphunzitsi m'zigawo, m'maboma ndi m'mazoni. Nyumba zimenezo zinamangidwa cifukwa ca ana a dziko lino, ndipo mwana wa pa sukulu yolipira sanaleke kukhala mwana wa Zambia. Cotero akuru a maphunziro a pa boma ayenera kuitana aphunzitsi a masukulu ang'ono ku misonkhano ya zoni nthawi zonse, osadikira kupemphedwa. Ndipo oyendera masukulu, pofika pa sukulu yotere, asathere pa kuwerenga zimbudzi ndi kuona ciphaso ca nyumba. Apemphenso buku la misonkhano ya aphunzitsi, nakhale m'kalasi ora lathunthu monga anacitira a Jeanes aja.

Zoyenera kucita

Sukulu yaing'ono iri ndi bvuto limodzi loona, ndilo lakuti kalasi liri lonse liri ndi mphunzitsi mmodzi yekha, ndipo wa Giredi 1 alibe mnzace wa Giredi 1 wopangana naye. Mankhwala ace ali pafupi. M'komboni imodzi mungakhale masukulu otere asanu kapena khumi oyandikana. Eni ace ayesana adani cifukwa alimbirana ana, koma mutu umodzi susenza denga. Masukulu anai akapangana kuti aphunzitsi ao a makalasi ofanana akumane kamodzi pa mwezi, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo, onse adzapindula, ndipo palibe adzataya mwana cifukwa ca ico. Angathenso kusonkherana pang'ono ndi kuitana mphunzitsi wakale wopuma pa nchito, wa mbiri yabwino, kuti aziyendera makalasi ao. Anthu otere alipo m'mizinda yonse, ndipo nzeru zao zingowola nazo m'nyumba.

M'kati mwa sukulu momwe, mwini wace aike ora la aphunzitsi pa ndandanda ya nthawi, lolembedwa monga liri phunziro la masamu, kuti lisadyedwe ndi zinthu zina. Mphunzitsi watsopano apatsidwe mnzace wamkuru womgwira dzanja temu yoyamba yonse. Mphunzitsi wamkuru alowe m'makalasi kawirikawiri ndi mtima wothandiza, ndipo zimene aona zisakhale cifukwa codulira munthu malipiro, pakuti munthu woopa abisa zolakwa zace. Sukulu igule mabuku a silabasi yatsopano ndi mabuku otsogolera mphunzitsi isanagule mbendera ndi zikho. Ndipo mphunzitsi wofuna kuonjeza maphunziro ace mwa makalata ndi pa nthawi ya chuthi, monga acitira ambiri ku Chalimbana, ku University of Zambia ndi ku makoleji ena, apatsidwe cilolezo ndi malipiro ace osadulidwa. Ngati mwini sukulu amlipirirako fizi, alembane pangano loyera lakuti adzagwira zaka zakutizakuti atatsiriza. Imeneyo ndiyo njira ya anthu aulemu yotetezera ndarama zao.

Mau kwa otsiriza sukulu

Anyamata ndi atsikana ambiri otsiriza Giredi 12, amene alikudikira malo a ku koleji kapena nchito, aitanidwa ndi masukulu otere kuti akagwirizire kalasi. Njala ndi yowawa, ndipo palibe angawadzudzule pofuna kanthu ka sopo. Koma adziwe zinthu ziwiri. Coyamba, lamulo silizindikira munthu wosalembetsa kukhala mphunzitsi, ndipo tsiku la mlandu mwini sukulu adzadzipulumutsa yekha. Caciwiri, kudziwa samu ndi kudziwa kuiphunzitsa ziri nzeru ziwiri zosiyana. Wokhoza bwino mayeso kawirikawiri ndiye abvutika kumvetsa cifukwa cace mwana sakumva. Cifukwa cace wacinyamata wokonda nchito imeneyi alimbike kulowa koleji yobvomerezeka ndi Boma, ndipo wotsiriza koleji, pofunsira nchito, asacite manyazi kufunsa mwaulemu ngati pa sukulupo aphunzitsi athandizana, ndi ngati adzamlola kupita ku misonkhano ya zoni. Yankho la mwini sukulu pa funso limenelo lidzamuuza zambiri za m'mene adzakhalira pamenepo.

Ena mwa owerenga nkhani ino adzakhala eni masukulu m'tsogolo muno, ena aphunzitsi akuru, ndipo pafupifupi onse adzakhala makolo. Akumbukire kuti sukulu isiyana ndi sitolo pa cinthu cimodzi cacikuru. Wogula nsaru yoola angathe kuibweza mawa nalandira ndarama zace, koma kholo lizindikira kuti mwana wace sanaphunzire patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi cimodzi, ndipo zaka zimenezo palibe angazibweze. Mwini sukulu amene alandira ndarama za mai wogulitsa makala walonjeza cinthu colemera, ndipo sangacikwaniritse ndi aphunzitsi amene iye mwini awaletsa kukula. Ngati sangathe kupatula maora awiri pa sabata ziwiri kuti anole aphunzitsi ace, kuli bwino atsitse cikwangwani cace, nabwereketse nyumbayo kwa anthu ogona, pakuti pamenepo adzapeza ndarama zace popanda kuononga mwana wa munthu.